Investor akuti ndalama abweretsa koma akufuna mpando mu bodi, tivomere?

zamaKodi_265

Moni nonse muno. Ndabwera ndi nkhani yomwe tikukanganirana ndi mnzanga amene tinayamba naye bizinesi, mwina alipo ena anadutsamo kale atiunikireko.

Tili ndi kakampani kathu, tinapanga app ya ma agro-dealer yolembera katundu, kuona kuti feteleza ndi mbewu zatsala zochuluka bwanji mu shopu komanso ndani anatenga pangongole sanabweze. Tinalembetsa kwa Registrar ngati private company, ma director ndife awiri omwewo ndipo masheya tinagawana pakati ndi pakati. Za bodi sitinaziganizirepo, zonse timangogwirizana pa WhatsApp kapena tikakhala pa chiwaya madzulo, wina akati tigule laputopu ina timagula basi.

Ndye pano kwabwera fund ina ya ku Nairobi, kampani yoika ndalama m'mabizinesi ongoyamba kumene, akuti atha kuikamo $80,000 atenge 20%. Ndalamayo tikuyifuna zedi chifukwa mvula isanagwe tikufuna tifike maboma ena, komanso developer wathu mmodzi maso ali kunja, tikapanda kumukwezera salale atithawa. Koma term sheet yomwe atumiza, pepala la mfundo zomwe akufuna tigwirizane asanaike ndalamazo, yatizunguza mutu. Akuti pakhale bodi ya mipando itatu, umodzi ukhale wawo, miting'i miyezi itatu iliyonse, komanso pali mndandanda wa zinthu zoti sitingachite iwo asanavomere. Mnzangayo wakanitsitsa, akuti Steve Jobs anathamangitsidwa ndi bodi mu kampani yomwe anayambitsa yekha nde ife ndi ndani, akuti bola ngongole ya ku banki olo chiwongoladzanja chili chokwera chonchi. Ine ndili pakati, ndalama ndikuyifuna koma kulamulidwa ndi munthu amene sanaonepo thumba la NPK sindikufuna.

Funso langa ndi loti kodi bodi imathandiza chani kwenikweni pa kampani ya anthu ochepa ngati ifeyo? Angatichotse? Ndipo zimatheka kukana mpandowo ndalama nkulandirabe?

MaiWaMaLedger

Achimwene, bodi muli nayo kale, ndinu awiri omwewo. Tsiku lomwe munasaina mapepala a kwa Registrar monga ma director munasenza udindo womwe Companies Act ya 2013 imaika pa director aliyense, kugwira ntchito mokhulupirika pofunira zabwino kampani osati thumba lanu, kusunga mabuku, kupereka annual return, kusatenga ngongole mukudziwiratu kuti kampani siingabweze. Kungoti miting'i yanu mukuchitira pa chiwaya popanda maminitsi.

Anthu ambiri amasokoneza zinthu zitatu chifukwa poyamba munthu mmodzi amakhala zonse. Pali eni masheya, amenewo ndi eni kampani ndipo ndi omwe amasankha ma director. Pali ma director, omwe ndi bodiyo, ntchito yawo ndi kuvomereza bajeti, kuvomereza ngongole zikuluzikulu, kutulutsa masheya atsopano, kusaina ma akaunti a pachaka, kulemba ndi kuchotsa CEO. Kenako pali oyendetsa ntchito tsiku ndi tsiku. Bodi siisankha mtundu wa batani pa app yanu, siikuuzani developer woti mulembe. Ikayamba zimenezo ndye kuti yasokonekera.

Tsono za kuchotsedwa. Werengani mipando, itatu, iwiri yanu umodzi wawo. Investor payekha sangakuchotseni olo atakwiya bwanji. Angakuchotseni pokhapokha mnzanuyo atavota naye limodzi, ndipo naye mnzanuyo angachotsedwe inu mutavota ndi investor. Nde munthu woti mumuyang'anitsitse mu nkhaniyi si wa ku Nairobi ayi, ndi inu awiri. Pano muli 50-50, tsiku lomwe mudzasemphane zenizeni palibe wopambana, kampani idzangoima. Mpando wachitatu umakhala ngati nkhoswe, banja likamayenda bwino nkhoswe imangobwera kudzamva kuti kuli bwanji, koma zikavuta mawu ake ndi omwe amapendeketsa mlandu, nchifukwa chake simusankha nkhoswe yomwe simukuidziwa khalidwe.

Za Steve Jobs muwauze anzanuwo kuti nkhaniyo anaimva theka. Mu 1985 Apple sinali startup, inali italowa kale pa msika wa masheya kuyambira 1980, Jobs sanali CEO komanso analibe masheya oposa theka. CEO anali John Sculley, yemwe Jobs yemweyo anakamukopa ku Pepsi mu 1983. Awiriwa anayambana, Macintosh sinkagulidwa momwe ankayembekezera, bodi inayenera kusankha mbali ndipo inasankha Sculley. Bodiyo inamulanda Jobs gawo la Macintosh, iye nkuchoka yekha kukayambitsa NeXT. Mkangano unayambira pakati pa anthu awiri oyendetsa kampani, bodi inangobwera kudzagamula.

Phindu lake ine ndimaliona pa ntchito yanga, ndimakonza mabuku a timakampani ting'onoting'ono. Kwina kwake ndinakhala nawo pa miting'i yoyamba investor atangolowa. Anyamata anakonza ma slide okongola, mzere wa malonda ukukwera ngati phiri. Mayi amene anabwera kuimira investor anawasiya amalize, kenako anapempha sitetimenti ya ku banki ndi mndandanda wa omwe sanalipire. Anatenga cholembera nkumayenda layini ndi layini. Zinapezeka kuti gawo lalikulu la malonda aja linali ma invoice chabe, makasitomala ena anali atadutsa miyezi yambiri osalipira ndipo palibe amawalondola. Kenako anafunsa kuti PAYE ndi penshoni zomwe mukudula antchito mwezi ndi mwezi zikuoneka pa payroll, nanga pa sitetimenti zikutuluka pati? M'chipinda munangoti zii. Ndalamazo ankalipirira lendi poganiza kuti adzabweza zinthu zikayenda. Sanali akuba, ankangozimitsa moto wa tsiku limenelo, koma zikanapitirira chaka china chindapusa chake chikanawatseketsa. Mnzako amene umadya naye tchipisi sakufunsa funso limenelo chifukwa naye ali momwemo.

Mukafuna kuona kopanda wofunsa kumathera kuti, onani FTX, kampani yomwe anthu ankagulirako ndi kugulitsirako ndalama za crypto. Mu January 2022 ankaiwerengera madola 32 biliyoni, pa 11 November chaka chomwecho inagwa. Ma investor akuluakulu, kuphatikizapo Sequoia yomwe inataya madola oposa 200 miliyoni, anaika ndalama popanda ndi mmodzi yemwe kutenga mpando mu bodi. John Ray amene anabwera kudzakonza zinthu, munthu woti anagwirapo ntchito yotseka Enron, kampani ina yaikulu yomwe inagwa ndi chinyengo, anauza khoti kuti sanaonepo kusokonekera kwa kayendetsedwe ngati kumeneko. Mabuku a kampani ya mabiliyoni ankalembera mu QuickBooks, ndalama zogulira zinthu ankavomereza ndi emoji pa chat, ndalama za makasitomala zinkapita ku Alameda Research, kampani ina ya mwini wake yemweyo. Mwini wakeyo, Sam Bankman-Fried, anagamulidwa zaka 25 mu March 2024.

WaKuKapa

Mai mwafotokoza bwino koma mwamuonetsa investor ngati mngelo kkkk. Ine ndili mu startup kuno ku Cape Town ndipo ma bodi ndimawaonera pafupi, ndinene mbali inayo.

Lamulo limati director akakhala pampando aganizire kampani, zoona. Koma munthu ameneyo salale yake imachokera ku fund, ndipo fund ili ndi wotchi yake. Ma fund ambiri amakhala zaka pafupifupi 10, ndalama ndi za anthu ena omwe akudikira kubwezeredwa ndi phindu, nde ikafika nthawi amafuna potulukira, kaya kampani igulitsidwe kaya abwere investor wamkulu awagule. Komanso iwo ali ndi makampani ambiri, akudziwa kuti ochuluka adzafa, awiri atatu ndi omwe adzabweze zonse. Kwa iwo kampani yoti ikupanga phindu pang'onopang'ono nkumadyetsa mabanja anu ndi yolephera, amafuna mukule mwachangu olo mugwe. Inu muli ndi kampani imodzi yokha. Kusiyana kumeneku sikuoneka pa tsiku losaina, kumadzaoneka pomwe inu mukufuna kulimbitsa maboma omwe muli kale iwo akuti lowani Zambia ndi Mozambique chaka chino.

Onjezani nkhani ya dola. Iwo amawerengera mu dola, inu ma agro-dealer amakulipirani kwacha. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44% tsiku limodzi, kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700 pa dola. Kampani yoti makasitomala ake sanachepe, malonda mu kwacha ali chimodzimodzi, pa lipoti la ku fund ikuoneka ngati yabwerera m'mbuyo kwambiri. Director woti sadziwa dziko lathu ayamba kukupanikizani kuti mukweze mitengo nthawi yomwe dealer naye akulira ndi mtengo wa feteleza.

Nkhani ziwiri zoti muganizire. Mu 2006 Yahoo inafuna kugula Facebook pa madola 1 biliyoni. Mu bodi munali Zuckerberg, Peter Thiel amene anaika $500,000 mu 2004, ndi Jim Breyer wa ku Accel. Akuluakulu awiriwo ankaona kuti ndalamayo ndi yoti aiganizire bwino, Zuckerberg, mnyamata wa zaka 22, anakana, ndipo kukana kwake kunagwira ntchito chifukwa ulamuliro wa bodi unali m'manja mwake. Ina ndi Uber. Mu June 2017 ma investor motsogozedwa ndi Benchmark anamukakamiza Travis Kalanick, mmodzi mwa oyambitsa kampaniyo, kutula pansi udindo wa CEO, ndipo mu August Benchmark inakamusumira kukhoti pa nkhani ya mipando itatu ya mu bodi yomwe iye anali ndi mphamvu yosankha okhalapo. Kalanick anali ndi milandu yake, chaka chimenecho kunatuluka nkhani zambiri za nkhanza kwa akazi pa ntchito mpaka anaitana Eric Holder, yemwe anakhalapo loya wamkulu wa boma la America, kudzafufuza, sindikumuikira kumbuyo. Ndikungoti zikafika povuta nkhondo yonse imakhala ya mipando, ndani ali ndi ingati ndipo amasankha ndani.

Chomwe chandidabwitsa ine ndi kukula kwa cheke. $80,000 kwa ife ndi ndalama, koma pa msika wa ma startup ndi yaing'ono. Y Combinator, kampani ya ku America yoika ndalama mu ma startup, imaika $500,000 ndipo sitenga mpando mu bodi, amagwiritsa ntchito pepala lija amati SAFE lomwe anayambitsa mu 2013, ndalama imalowa lero masheya adzawerengedwa pa round yotsatira, pomwe ma investor ena adzaikenso ndalama. Nthawi zambiri mpando umayamba kufunidwa pa seed yaikulu kapena Series A, ma round oyambirira a ndalama zochulukirapo. Nde inde zimatheka kukana. Muwapatse observer, munthu woti amakhala nawo pa miting'i, amaona mapepala onse, amayankhula koma savota, kuphatikiza lipoti la mwezi ndi mwezi. Akakana muwafunse chifukwa chake. Komanso muganizire zakutsogolo, mukapereka mpando pa 80,000, wobwera ndi 500,000 adzafuna wake, winanso wake, posakhalitsa awiri inu muli ochepa patebulo lanu lomwe.

Jah_Bless_Ndirande

Ase nkhani yophweka iyi mukuitalikitsa. Ikani malume anu mu bodi, aliyense ali ndi malume amene anapuma ntchito ku Capital Hill, mupezenso abusa amodzi ndi bwana wina wa ku banki wopuma. Investor akaona mayina amenewo pa letterhead aziopa yekha kkkkk. Ma sitting allowance muziwapatsa Fanta ndi samusa.

LabuNdiMagazi

A Jah Bless mukuseka koma zimenezo ndi zomwe anachita Theranos ndendende, kungoti malume ake anali a ku Washington.

Ine ntchito yanga ndi ya mu labu nde nkhani imeneyi ndinaitsatira ngati mpira. Elizabeth Holmes, woyambitsa Theranos, ankati ali ndi makina oyeza matenda ambirimbiri ndi kadontho ka magazi a pachala. Aliyense wogwira mu labu akamva zimenezo amayamba wakanda mutu, magazi a pachala amasakanikirana ndi madzi a m'minofu, ma cell amasweka pofinya chala moti potassium amakwera mwabodza, ndipo kadontho kamodzi sikakwanira mayeso ambiri pokhapokha ukasungunule, ukasungunula zotsatira zimayamba kusokonekera. Awa ndi mafunso a munthu wa diploma, osati pulofesa.

Tsono onani bodi yake. George Shultz ndi Henry Kissinger, onse anakhalapo nduna zoona za ubale wa America ndi mayiko ena. William Perry anali nduna ya zachitetezo. James Mattis mkulu wa asilikali. Sam Nunn senator wakale. Mayina oti ukawaona pa pepala umangotulutsa cheke, ndipo anthu anatulutsadi, Rupert Murdoch yekha anaika madola 125 miliyoni, kampani inafika powerengeredwa madola 9 biliyoni mu 2014. Koma mwa akuluakulu ndatchulawa palibe amene akanalowa mu labu nkupempha kuona ma QC a makinawo, mayeso otsimikizira kuti makina akuyeza molondola. Mayeso ambiri ankapangira pa makina ogula kwa ena monga a Siemens, bodi ili phee.

Chomwe chimandipweteka ndi cha Tyler Shultz, mdzukulu wake wa George Shultz. Mnyamatayo ankagwira ntchito momwemo, anaona kuti zotsatira sizikugwirizana, anakawauza agogo ake omwe anali director. Agogowo anakhulupirira Holmes kuposa mdzukulu wawo. Zinatengera mtolankhani John Carreyrou wa Wall Street Journal mu October 2015 kuti zinthu ziululike. Kampani inatsekedwa mu 2018, Holmes anapezeka wolakwa mu January 2022 nkugamulidwa zaka zoposa 11.

Ndipo pali china chomwe a WaKuKapa sananene pomwe amayamikira Zuckerberg. Holmes naye anali ndi masheya a mavoti ochuluka, pafupifupi mavoti onse anali ake, moti olo bodi ikanadzuka sikanamuchita kanthu. Adam Neumann wa WeWork, kampani yobwereketsa maofesi, chimodzimodzi, anali ndi masheya a mavoti ambiri, ankabwereketsa nyumba zake zomwe ku kampani yake, mpaka anaigulitsa kampaniyo dzina loti We pa masheya a madola 5.9 miliyoni, omwe anadzabweza anthu atakuwa mu 2019. Bodi inalipo, investor wamkulu SoftBank analimo, zonsezo zinkadutsa. Nde ulamuliro wonse kukhala kwa woyambitsa umatchulidwa ukayenda bwino ngati Facebook, koma omwe unawapweteka aliponso ambiri.

Kwa inu achimwene a app, ngati mukuika munthu wina, ikani woti anagulitsapo feteleza, amadziwa kuti dealer amakhala ndi ndalama mwezi uti ndipo amauma mwezi uti, amadziwa momwe makuponi a feteleza wotsika mtengo amasinthira msika. Ameneyo adzakuuzani kuti mtengo wanu wa pamwezi sungagwire mu February.

zamaKodi_265

Zikomo nonse, ndamuonetsa mnzanga, pa nkhani yoti wondichotsa ndi iyeyo waseka koma kenako anakhala chete kkk.

Ndawerenganso term sheet ija. Mndandanda wa zofuna chilolezo chawo uli ndi izi, kutulutsa masheya atsopano, kugulitsa kampani, kusintha constitution, ngongole iliyonse, kugula chilichonse choposa $1,000, kusintha salale ya ma director, kulemba munthu aliyense watsopano, ndi bajeti ya pachaka. Palinso mawu oti masheya athu ife akhale pa vesting ya zaka 4, zomwe sindikumvetsa chifukwa masheyawo ndi athu kale. Komanso pena pake alemba kuti tikalephera ma target kawiri motsatizana iwo atha kusankha director wina wowonjezera. Munthu wodzakhala pampandowo sanamutchule dzina.

MaiWaMaLedger

Eya, apa ndye pali nkhani, mpando uja siunali vuto lenileni. Mndandanda umenewu amautcha reserved matters ndipo umagwira ntchito olo iwo atakhala kuti alibe mpando, ndi veto, mphamvu yokana okha chinthu nkuima. Mutha kukhala ndi mavoti awiri pa atatu koma osagula njinga yamoto.

Zina mwa izo ndi zachilungamo ndipo investor aliyense wanzeru amazifuna. Masheya atsopano, kugulitsa kampani, kusintha constitution, salale zanu, apo musalimbane nawo. Taganizani inuyo mutapereka ndalama yanu kwa anthu awiri omwe mawa atha kudzikwezera salale kapena kupatsa mlamu wawo masheya 20% yanu nkusungunuka. Bajeti ya pachaka ipite ku bodi, ivoteredwe ngati china chilichonse, isakhale pa veto.

Zoti mukane ndi zitatu. $1,000 ndi yochepa kwambiri, laputopu imodzi yabwino ya developer yadutsa kale, mudzakhala mukutumiza imelo ku Nairobi sabata iliyonse. Muwauze kuti chilichonse chomwe chili mu bajeti yovomerezedwa sichifunanso chilolezo, ndipo za kunja kwa bajeti malire ake akwere. Kulemba antchito chimodzimodzi, iwo ayankhulepo pa maudindo akuluakulu okha monga woyang'anira zachuma. Ndipo chachitatucho, cha director wowonjezera mukalephera ma target, chimenecho chichoke. Werengani, mipando ikhala inayi, awiri kwa awiri, ndye funsani kuti wapampando ndani ndipo ali ndi casting vote, voti yogamula mavoti akafanana, kapena ayi. Ngati wapampando ndi wawo, kampani yapita chifukwa choti mvula inachedwa kapena feteleza sanafike ndi vuto la forex, zinthu zoti inu simungazilamulire. Bizinesi yanu ndi ya nyengo, ma target a miyezi itatu itatu adzakugwetsani chaka chilichonse nthawi yomwe ma shopu ali gwaa.

Vesting musaiope, imakutetezani inuyo kuposa investor. Tanthauzo lake ndi loti masheya mumawapata pang'onopang'ono mukamagwirabe ntchito, kawirikawiri zaka 4 ndipo chaka choyamba chisanathe palibe chomwe mwapata. Mnzanuyo atapeza ntchito ku Dubai chaka chamawa, popanda vesting apita ndi 40% yake yonse inu nkutsala mukumugwirira ntchito moyo wanu wonse. Chomwe mungapemphe ndi choti nthawi yomwe mwagwira kale iwerengedwe, gawo lina likhale lanu kuyambira tsiku losaina.

Ine sindigwirizana ndi a WaKuKapa pa za observer. Observer alibe udindo wa director pamaso pa lamulo, amamva zonse koma zikavuta sayankha mlandu uliwonse. Ine bola munthu akhale director, asaine nawo ma akaunti, adziwe kuti dzina lake lili pamenepo. Ngati mukuopa atatu, pemphani kuti mtsogolo muno mpando wina ukadzawonjezeredwa ukhale wa munthu woima payekha wosankhidwa ndi mbali zonse ziwiri, ngati wa feteleza amene anena a LabuNdiMagazi. Zonsezi zilowe mu shareholders agreement, mgwirizano wa eni masheya, ndipo zigwirizane ndi constitution ya kampani, mupeze loya wodziwa za makampani, osati amene anakuthandizani za malo.

Ndipo muyambe kulemba maminitsi pano, olo tsamba limodzi, tsiku, omwe analipo, zomwe mwagwirizana. Banki ikamafuna board resolution, chigamulo cholembedwa cha bodi, yotsegulira akaunti ya dola mudzawafuna maminitsiwo, ndipo investor wotsatira akamadzafufuza amayambira pamenepo.

WaKuKapa

Pa clause ya director wowonjezera ndili nanu Mai, imeneyo ndi msampha. Pa observer tisiyane maganizo, ine ndaona ma director osaina ma akaunti osawawerenga nkomwe, udindo wa pa pepala sumupangitsa munthu kugwira ntchito.

Komanso tisamaione bodi ngati ili ndi mphamvu zonse. Ku OpenAI, kampani yomwe inapanga ChatGPT, pa 17 November 2023 bodi inamuchotsa CEO wake Sam Altman, inali ndi ufulu wonse mwalamulo, Microsoft yomwe inaika mabiliyoni inalibe ndi mpando womwe ndipo inauzidwa nthawi itatha kale. Antchito oposa 700 mwa pafupifupi 770 anasaina kalata yoti achoka naye, pasanathe sabata Altman anabwerera, omwe anachoka ndi ambiri mwa ma director aja, wapampando watsopano nkukhala Bret Taylor. Pa kampani ya anthu ochepa ngati yanu zili choncho kuposa pamenepo, code ili m'mutu mwanu, ma dealer amaimbira foni yanu, investor akakuchotsani watsala ndi chani? Amadziwa zimenezo, nde musakambirane nawo ngati opempha.

Koma bodi yabwino ilipo, ndisanamizire. Google itatenga madola 25 miliyoni kwa Kleiner Perkins ndi Sequoia mu 1999, John Doerr ndi Michael Moritz analowa mu bodi nkuumirira kuti anyamata awiri oyambitsa kampaniyo apeze munthu wodziwa kuyendetsa kampani. Larry Page ndi Sergey Brin anazengereza nthawi yaitali, mu 2001 anatenga Eric Schmidt, ndipo sanathamangitsidwe, anapitiriza limodzi. Zimatengera munthu amene wakhala pampandopo, nchifukwa chake zoti sanakutchulireni dzina zikundivuta. Ma fund ena amene amabwera kudzakunyengererani ndi partner, mukasaina amakutumizirani mwana woti wangomaliza sukulu amene ali ndi makampani ena khumi oti aziyang'anira, ntchito yake kungokutumizirani template ya Excel. Muwauze alembe dzina mu agreement, ndipo akafuna kusintha munthu akufunseni.

China, apempheni mndandanda wa makampani onse omwe anaikamo ndalama, osati atatu okha omwe iwo angakusankhireni. Muimbire oyambitsa ake, makamaka a makampani omwe anatseka kapena akuvutika, muwafunse kuti ndalama zitatsala za miyezi iwiri director wa fund imeneyi anachita chani, ankayankha foni kapena ankangotumiza loya.

zamaKodi_265

Ndawalembera kuwafunsa dzina ndi mndandandawo, ndanenanso za $1,000 ndi za director wowonjezera. Ayankha msanga kuti malire a ndalama atha kukweza ndipo za antchito achotsa, koma za ma target akuti ndi policy ya fund yawo, akaifunsa komiti. Dzina akuti atiuza sabata yamawa. Mnzanga pano wasiya za banki, akulimbana ndi vesting, akuti zaka 4 nzambiri akufuna 3. Alipo akudziwa loya wa za makampani ku Lilongwe amene salipiritsa mu dola andilembere ku inbox pliz.